Akugulitsani denga lodontha, kenako mlandu n'kukhala wanu

Kampani imene ikulandira madola 50,000 kwa munthu, n'kumupatsa kanyumba, kenako n'kumuuza kuti azikwera padenga miyezi itatu iliyonse kukasaka ming'alu, apo ayi madzi akalowa asadzabwere ndi dandaulo, yagulitsa katundu amene sinamalize kupanga. Ndikunena zimenezi mosapsatira mawu chifukwa ku America ndi ku Canada mchitidwewu wazika mizu mpaka anthu ayamba kuuona ngati chilengedwe. Ogula okhaokha amalangizana kuti palibe kanyumba kosadontha, kuti kusiyana kwake ndi tsiku lokha limene kadzayambe. Amanena zimenezi ngati malangizo a akuluakulu. Ine ndikamva mawu oterewa mtima umandiwawa, chifukwa ndi umboni wakuti makampani aphunzitsa anthu kusenza manyazi a fakitale ngati udindo wawo.

Tinyumba ndikunenati ndi tija amati truck camper. Ndi bokosi lokhalamo anthu limene amalikweza kumbuyo kwa pikiapu, monga Ford F-350, Ram 3500 kapena Chevrolet Silverado, n'kulimangirira ndi zitsulo m'ngodya zinayi. Mkati mumakhala bedi, mbaula ya gasi, firiji ndi sinki, ndipo m'tina muli chimbudzi ndi bafa lomwe. Bedi limakhala m'chigawo chimene chimatulukira kutsogolo, pamwamba pa mutu wa dalaivala. Ulendo ukatha mwini wake amatsitsa majeke anayi a m'ngodya, kanyumba n'kuima pa miyendo yake, galimoto n'kutuluka pansi pake kukagwira ntchito zina. Amene mumakhala ku Chitimba, ku Nkhata Bay kapena ku Cape Maclear munaonapo abale ake a tinyumbati pamsana pa ma Land Cruiser ndi ma Hilux a alendo odutsa. Koma kwawo kwenikweni kwa malondawa ndi ku North America. Kumeneko kuli kampani ya Lance, imene inayamba mu 1965 ndipo ili ku Lancaster m'chigawo cha California. Kuli Northwood ku La Grande ndi Host ku Bend, onse a ku Oregon. Kuli Adventurer ku Yakima, Palomino ku Michigan, ndiponso Northern Lite ndi Bigfoot ku British Columbia.

Ganizo lake ndi labwino kwambiri, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imandipsetsa mtima. Amene amagula tinyumbati nthawi zambiri si anthu otaya ndalama mwachisawawa. Ndi bambo ndi mayi amene apuma pantchito, asunga kwa zaka zambiri kuti akaone mapiri ndi nyanja za dziko lawo miyendo isanafooke. Ndi msodzi amene akufuna kugona pafupi ndi mtsinje, kumbuyo atakoka bwato. Ambiri amatenga ngongole ya zaka khumi kapena kupitirira. Anthu amenewa akuyenera kupatsidwa denga.

Tiyeni tikwere padengapo tione chimene akupatsidwa. Pa tinyumba tambiri denga ndi lafulati kapena lopendekeka pang'ono chabe. Pansi pali pulayiwudi wopyapyala, pamwamba ayalapo chinsalu cha labala kapena pulasitiki chimene amati EPDM kapena TPO. Chinsalucho pachokha n'cholimba, chitha kupirira zaka zambiri. Koma akangomaliza kuchiyala amatenga mpeni ndi chiboolero. Amadula bowo la mainchesi 14 mbali zonse la fani, lina lofanana nalo la makina oziziritsa mpweya, lina lalikulu la chitseko chothawira pangozi pamwamba pa bedi, lina la galasi lolowetsa kuwala m'bafa. Amaboola potulukira mpweya wa firiji, potulukira fungo la mapaipi a chimbudzi, polowera waya wa sola, pomangira mlongoti wa wailesi yakanema, pomangira makwerero. M'mphepete monse, pamene denga lakumana ndi khoma, amakhomapo kachitsulo kokhala ndi masikuluwu ondondozana, ndipo sikuluwu iliyonse ndi bowo linanso. Tsono n'chiyani chikuletsa madzi kulowa m'mabowo onsewa? Ndi kalamba kofewa ka butyl kamene amaika pansi pa chitsulo, ndi zomatira za m'chubu zimene amafinyira pamwamba. Basi. Dzuwa la ku Arizona likaziwotcha zimauma. Chisanu cha ku Montana chikazigwira zimakhwinyata. Msewu ukazigwedeza zimasiyana ndi chitsulo. Ndipo zikangong'ambika, kuseri kwake kulibe chachiwiri choteteza. Kuli thabwa louma limene likuyembekeza kumwa.

Funsani mmisiri aliyense amene amafolera nyumba ndi malata kwathu kuno. Amapendeketsa denga kuti madzi athamange okha. Lata la pamwamba amaligoneka pa la pansi kuti dontho lisapeze polowera ngakhale pakhale mpata. Msomali amaukhoma pamsana pa lata, osati m'ngalande mmene madzi amadutsa. Amasiya malata atuluke kunja kwa khoma kuti mvula igwe patali. Phula amalitenga pomaliza, pokonza pamene palakwika. Mmisiri atakufolerani denga lafulati, n'kuliboola malo makumi angapo, n'kumata ndi phula, n'kukuuzani kuti likadontha ndiye kuti simunalisamale, simungamulipire, ndipo mudzi wonse ungamudziwe. Zimene sitingalole kwa mmisiri wa pamudzi ndizo zimene fakitale zokhala ndi mainjiniya ndi makompyuta zikuchita poyera, ndipo zikulipidwa madola zikwi makumi.

Malo oopsa kuposa onse ndi chigawo chakutsogolo chija, chimene chimalendewera pamwamba pa dalaivala. Nyumba ya pansi imalandira mvula yochokera kumwamba. Chigawo chimenechi chimalandira mvula yoponyedwa ndi mphepo ya liwiro la makilomita 100 pa ola, imene imakankhira madzi cham'mbali ndi chokweza, m'mipata imene mvula wamba singafikemo. Pomwepo pali timagetsi tosonyeza kutalika ndi kutambalala kwa galimoto usiku, kalikonse ndi bowo lake la waya ndi masikuluwu ake. Pa tinyumba takale panalinso zenera loyang'ana kutsogolo, limene linaoletsa matabwa ambiri mpaka makampani ochuluka anasiya kuliika. Chigawochi chilibe mzati pansi pake, choncho galimoto ikadumpha pa bampu chimagwedera. Thupi la pikiapu nalo limapotoka pa msewu wa mabampu, zitsulo zomangirira zikukokera ngodya zinayi kosiyanasiyana. Zonsezi wopanga amazidziwa asanadule thabwa loyamba. Msewu woipa ndiye chifukwa chimene munthu akugulira kanyumba ka pa pikiapu m'malo mwa kalavani yokoka. Ndiye kampani isamadabwe kuti katundu wake wayenda m'mabampu.

Madzi akalowa sabwera ndi phokoso. Satsika padenga n'kukudonthera pamphuno kuti udziwe. Amatsata waya, amatsata thabwa, amayenda mkati mwa khoma mpaka kukaima pamalo otsika, ndipo malo amenewo nthawi zambiri ndi pansi pa matiresi kapena m'ngodya za pansi. Khoma la tinyumba tambiri ndi zigawo zomatidwa ndi guluu: kunja fiberglass yopyapyala, kenako kapulayiwudi kotchedwa luan, pakati thovu louma loletsa kuzizira, mkati kabolodi kokongoletsa. Luan akamwa madzi amafufuma, zigawo zake n'kusiyana, khungu la kunja n'kuyamba matuza. Akatswiri a matabwa amadziwa kuti thabwa likakhalitsa ndi chinyontho chopitirira magawo 20 pa 100 lili pangozi ya kuola. Kumadera ozizira zinthu zimaipiraipira, chifukwa madzi akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100, ndiye mng'alu umene unali ngati tsitsi mu Novembala umakhala wolowa chikhadabo pofika Marichi. Pamene mwini wake adzamve fungo la chuku, kapena chala chake chidzalowe m'khoma ngati m'papaya lakupsa, ntchito yoola inayamba kalekale.

Ndipo musaganize kuti nkhaniyi ndi ya fungo ndi maonekedwe okha. Majeke anayi aja amangiriridwa m'ngodya, ndipo m'ngodya ndi mmene madzi amasonkhana. Kanyumba kakakulu kodzaza madzi akumwa, gasi ndi katundu kamalemera matani awiri kapena kuposa. Pokweza ndi potsitsa, kulemera konseko kumakhala m'mwamba pa miyendo inayi yopyapyala, munthu ataima pambali pake, nthawi zina mkazi wake akulondolera galimoto kumbuyo. Masikuluwu a jeke akakhala kuti agwira thabwa loola, mwendo umazuka. Zitsulo zomangirira kanyumba ku galimoto nazonso zimagwira m'mbali za pansi momwemo. Dontho limene linalowera pa kagetsi kakang'ono kutsogolo litha kuthera pa kugwetsa matani awiri pa munthu. Amene amati kudontha ndi nkhani yaing'ono ya chisamaliro aganizirepo zimenezi.

Ogulitsa ali ndi yankho lokonzeratu: masiku ano mafelemu ndi a aluminiyamu, saola. Zoona, aluminiyamu saola. Koma funsani chimene chili pansi pa mapazi anu, chimene chili pansi pa chinsalu cha padenga, chimene chamatidwa kuseri kwa fiberglass, ndi chimene alowetsa mkati mwa timapaipi ta aluminiyamuto kuti masikuluwu apeze pogwira. Nthawi zambiri yankho ndi thabwa. Zipangizo zosamwa madzi zilipo kale pamsika. Pali mabolodi otchedwa Azdel amene makampani ena amaika m'malo mwa luan, ndipo amene akutero ndikuwayamikira. Komabe khoma losaola silitseka bowo. Madzi akalowa amapitirira mpaka atapeza chowononga, kaya ndi pansi, kaya ndi mawaya, kaya ndi matiresi amene mwana akugonapo.

Tsopano tifike pa pepala, chifukwa chinyengo chenicheni chili pamenepo. Walanti ya tinyumba tambiri ndi ya chaka chimodzi, ena amafika ziwiri, ena amawonjezera zaka zingapo pa felemu yokha. Mukawerenga timalemba tating'ono mupeza kuti zomatira zija, zimene ndizo zokha zikuletsa madzi, aziika m'gulu la zinthu zimene mwini wake ayenera kusamalira yekha. Mabuku ambiri a malangizo amati ziziyenderedwa pafupipafupi, ena masiku 90 alionse, ndipo kuwonongeka kobwera chifukwa chosamata sikulipiridwa. Taonani mmene msamphawu wautchera. Madzi amalowa mwakachetechete. Kuola kumatenga nthawi kuti kuoneke. Pamene kukuoneka, chaka chija chatha. Ngati sichinathe, funso loyamba limene wogula amalandira ndi lakuti, munamata liti komaliza, ndipo umboni uli kuti? Gogo wa zaka 70 amene anagula kanyumba kuti apumule akuyembekezeka kukwera makwerero, mamita atatu ndi theka kuchoka pansi, kukagwada padenga loterera ndi chubu m'manja, kanayi pachaka, ndi kusunga malisiti. Akapanda kutero, wapalamula. Kampani imene inasankha kuboola denga, imene inasankha zomatira zotsika mtengo, imene wantchito wake mwina anadumpha malo amodzi pofinya, ilibe mlandu.

Wogula akathawira ku inshulansi amapeza chitseko chotseka. Inshulansi imalipira mtengo ukagwera padenga kapena matalala akaswa galasi, koma madzi olowa pang'onopang'ono, kuola ndi chuku amazilemba m'gulu la zosalipiridwa. Akathawira ku malamulo, nako n'kovuta. Zigawo za America zili ndi malamulo okakamiza kampani kubweza ndalama kapena kusintha galimoto yatsopano imene yakanika kukonzeka, koma malamulowo analembedwera magalimoto. M'zigawo zambiri, ngakhale pa nyumba zoyenda zokhala ndi injini yakeyake, mbali yokhalamo anthu saiwerengera. Kanyumba ka pa pikiapu ndiye kali kunja kwenikweni, poti kalibe injini, kalibe matayala, ndipo m'zigawo zambiri boma limakaona ngati katundu wonyamulidwa, wosafunika n'kulembetsa komwe. Latsala ndi lamulo la dziko lonse la mu 1975, la Magnuson-Moss, lokhudza mawalanti. Lamulolo ndi lothandiza, koma limafuna loya, nthawi ndi mtima wolimba, pamene kanyumba kakupitiriza kuola pabwalo.

Pafupi ndi chitseko cha tinyumba tambiri pamakhala kachidindo ka bungwe la makampaniwa, la RV Industry Association. Wogula akakaona mtima umakhala pansi. Kachidindoko kakunena kuti wopanga walonjeza kutsata miyezo ya chitetezo, monga ya NFPA 1192, yokhudza gasi, moto, mapaipi ndi zotenthetsera, pamodzi ndi miyezo ya magetsi. Zimenezo n'zofunika, zimapulumutsa miyoyo, ndipo sindikuzinyoza. Koma kachidindoko sikalonjeza kuti denga lidzaletsa mvula kwa zaka zisanu. Pa chinthu choyamba chimene nyumba iliyonse imamangidwira, wogula alibe womuimira.

Zinafika bwanji pamenepa? Mtima wa malonda a nyumba zoyenda uli ku Elkhart ndi madera ozungulira, kumpoto kwa Indiana, kumene kumapangidwa pafupifupi zinayi mwa zisanu zilizonse za ku America. Msika waukulu uli m'manja mwa makampani ochepa: Thor Industries, Forest River imene Berkshire Hathaway ya Warren Buffett inagula mu 2005, ndi Winnebago. M'mafakitale ambiri a kumeneko antchito amalipidwa potengera kuchuluka kwa nyumba zimene gulu lamaliza. Amayamba kusanache, ndipo chiwerengero cha tsikulo chikakwana amaweruka. Nthawi ya Covid-19 anthu anathamangira kugula, ndipo mu 2021 mafakitale anatumiza kwa ogulitsa nyumba zoyenda 600,240, chiwerengero chimene sichinaonekepo. Pofika 2023 chinatsika kufika pa 313,174. Ganizirani zimene zimachitika pa mzere wa fakitale pamene ntchito yachuluka chotero, antchito atsopano akulembedwa mothamanga, ndipo malipiro akudalira liwiro. Kuyala kalamba ka butyl bwinobwino pa ngodya, kupukuta fumbi usanamate, kubwezera sikuluwu imene yalowa mokhota, zonsezi ndi ntchito za mphindi zochepa zimene palibe adzazione tsiku logulitsa. Munthu wolipidwa pa liwiro mukumulipira kuti azidumphe. Wantchitoyo sindimuimba mlandu ngakhale pang'ono. Ali ndi ana, ali ndi lendi, ndipo akuchita zimene malipiro ake akumuuza. Mlandu uli ndi amene anakonza malipirowo ali mu ofesi.

Kunena chilungamo, tinyumba ta pa pikiapu ndi gawo laling'ono kwambiri la chiwerengero chimenecho, ndipo tambiri timapangidwa kutali ndi Indiana, m'mafakitale ang'onoang'ono a kumadzulo, ena mwa iwo osamala ntchito kwenikweni. Koma mazenera, zitseko, mafani, majeke, zinsalu za padenga ndi zomatira zimachokera kwa ogulitsa zipangizo omwewo, monga Lippert, Patrick Industries, Dometic ndi Dicor. Kamangidwe n'kofanana, ndipo mawu a m'walanti amafanananso. Makampani aakulu akazoloweretsa msika wonse kuti chaka chimodzi n'chokwanira ndipo kudontha ndi vuto la mwini, wamng'ono amene akufuna kuchita bwino amapikisana ndi mitengo ya anthu amene sasenza mtolo wa zolakwa zawo.

Oikira kumbuyo makampani amati tisaiwale kulemera. Pikiapu ili ndi malire a katundu amene inganyamule, choncho kanyumba kayenera kupepuka, ndipo chopepuka sichingalimbe ngati nyumba ya njerwa. Amatinso chinthu chogwedezeka pamsewu tsiku ndi tsiku chiyenera kumasuka penapake. Ndawamva, ndipo pa kulemera akunena zoona. Koma yang'anani pansi pa kanyumbako. Pali galimoto imene ikuyenda msewu womwewo, mabampu omwewo, mvula yomweyo, dzuwa lomwelo. Ili ndi magalasi, zitseko zinayi, ndipo mapikiapu aakulu ali ndi timagetsi padenga ngati tomwe tija. Ndani anauzidwapo ndi Ford kapena Toyota kuti azimata galasi lakutsogolo miyezi itatu iliyonse? Opanga magalimoto anakonza ngalande zobisika zotulutsa madzi, mipira yopanikizika yotseka zitseko, ndi guluu wokhalitsa amene amagwira galasi kwa moyo wonse wa galimoto, ndipo amalowetsa magalimoto m'chipinda cha mvula yopopera asanatuluke m'fakitale. Anachita zimenezi chifukwa galimoto yodontha imabwerera kwa iwo ndi bilu. Kupendeketsa denga, kupinda m'mphepete kuti chigawo cha pamwamba chivindikire cha pansi, kukweza milomo ya mabowo kuti madzi aizungulire, kusonkhanitsa mawaya onse kuti alowere pa bowo limodzi lotetezedwa, kuika timagetsi tomatidwa topanda masikuluwu: palibe chimodzi mwa izi chimene chingathyole msana wa pikiapu. Chimene zimadya ndi nthawi ya injiniya ndi mphindi za pa mzere.

Umboni wakuti n'zotheka uli m'malonda omwewa. Northern Lite ndi Bigfoot amaumba tinyumba tawo m'zikombole, zigawo ziwiri za fiberglass, cha pamwamba ndi cha pansi, zolumikizana pa mzere umodzi wozungulira m'chiuno, mmene amapangira mabwato. Ngodya za padenga zilibe msoko, ndiye malo ambiri amene tinyumba tina timayambira kudontha kulibeko n'komwe. Sindikunena kuti n'tangwiro. Mazenera ndi mafani amaboolabe chigobacho, ndipo mwini wake ayenera kumaziyang'anabe. Koma wachepetsa misoko wachepetsa njira za madzi, ndipo zimenezi zimachitika pa tebulo lojambulira, wogula asanabwere.

Umboni wina, umene kwa ine ndi wamphamvu koposa, uli ku Britain, dziko la mvula yosatha. Makalavani a kumeneko anali ndi mbiri yomweyi ya chinyontho ndi matabwa oola. Mu 2009 kampani ya Bailey ya ku Bristol inasintha kamangidwe, n'kubweretsa njira imene inaitcha Alu-Tech, yolumikiza makoma ndi denga ndi zitsulo za aluminiyamu zolowana, yochepetsa kwambiri misoko ndi masikuluwu a kunja ndiponso yochotsa matabwa m'makoma ndi padenga. Kampani ya Elddis inatsatira ndi njira yomata zigawo ndi guluu wamphamvu m'malo mozikhoma. Lero wogula kalavani yatsopano ku Britain amayembekezera walanti ya thupi lake ya zaka 6 mpaka 10. Pali lamulo lake: chaka chilichonse kalavani ipite kwa makaniko wovomerezeka, amene amayeza makoma ndi kachipangizo koyezera chinyontho n'kulemba zimene wapeza. Pangano lotere ndi lachilungamo. Wogula ali ndi mbali yake, kamodzi pachaka, kudzera mwa katswiri. Kampani nayo yaika ndalama zake pachiswe kwa zaka zonsezo. Makalavani a ku Britain ena amadonthabe, madandaulo alipo, koma akadontha pali woyankha. Ndipo kampani imene ikudziwa kuti idzalipira khoma loola m'chaka chachisanu ndi chiwiri imayamba kuganiza mosiyana za bowo lililonse limene ikuboola lero.

Ngakhale kuyeza kwenikweniko si kovuta. Pali njira yodziwika bwino imene okonza tinyumbati amagwiritsa ntchito: amatseka zitseko ndi mazenera, amaika chifani champhamvu pa bowo la padenga kuti chipopere mpweya mkati, kenako amawaza madzi a sopo kunja konse. Paliponse pamene pali mpata pamatuluka thovu. Ndi ntchito ya maola ochepa. Airstream, ku Jackson Center m'chigawo cha Ohio, imalowetsa makalavani ake m'chipinda chopopera madzi asanapite kwa wogulitsa, ndipo makampani ena angapo amachitanso chimodzimodzi. Ngati zida zilipo, njira ikudziwika, mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi madola 50,000, n'chifukwa chiyani kanyumba kalikonse sikatuluka ndi pepala losainidwa losonyeza tsiku limene kanayezedwa ndi zimene zinapezeka? Ndikuona chifukwa chimodzi chokha. Mpata umene wapezeka m'fakitale amalipira ndi kampani. Umene wapezeka patapita miyezi 18 amalipira ndi wogula.

Ndili ndi mawunso kwa anzanga olemba ndi ojambula makanema, amene amayendera tinyumba tatsopano pa ziwonetsero n'kumaika pa YouTube. Amatsegula makabati, amasisita matebulo, amayamikira timagetsi ta buluu ndi kukula kwa firiji. Ndi angati amene amakwera padenga n'kuwerenga mabowo? Ndi angati amene amatenga walanti n'kuwerengera owonera ndime ya zomatira mokweza? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, ndipo ntchito ya mtolankhani ndi kung'amba mkuyuwo wogula asanaulume. Ambiri satero chifukwa amene akuwaitana ku ziwonetsero ndi kulipira malonda ndi makampani omwewo. Pamenepo wowonera akuganiza kuti akulandira uphungu pamene akuonera chikwangwani.

Ndipo kanyumba koola sikathera m'manja mwa amene anakagula katsopano. Iye akamva fungo, amapaka penti, amafinyira zomatira zatsopano pamwamba pa zakale, n'kukagulitsa. Wachiwiri akazindikira amachitanso chimodzimodzi. Kamatsika choncho mpaka kukafika kwa munthu amene sakukagulira tchuthi. M'mizinda ya kumadzulo kwa America, monga Los Angeles, Portland ndi Seattle, muli anthu ambiri amene lendi inawakanika ndipo akugona m'nyumba zoyenda zakale m'mphepete mwa misewu. Amenewo ndiwo amapuma chuku usiku wonse, ndi chifuwa chawo, ndi ana awo. Mphindi zimene fakitale inapulumutsa zaka 15 zapitazo akuzilipira ndi munthu amene sanaonepo ngakhale khomo la wogulitsa.

Choncho kwa m'bale wathu aliyense amene ali ku Texas, ku Indiana, ku Alberta kapena kwina kulikonse ndipo mtima wake wagwa pa kanyumba kotere, ndikuti musachite manyazi pamaso pa wogulitsa. Musanapereke ngakhale dola imodzi, nenani kuti mukufuna kuyeza kwa mpweya ndi sopo kuchitike inu mukuona, pa kanyumba kenikeniko kamene mutenge. Ngati n'kogwiritsidwapo kale ntchito, nyamulani matiresi, gwirani pansi pake, kanikizani ngodya zonse ndi chala, gwedezani jeke iliyonse muone ngati khoma likuyenda nayo, ndipo mubwere ndi woyeza chinyontho wanu amene sadya kwa wogulitsayo. Pemphani walanti muiwerenge muli kunyumba, mupeze ndime ya madzi, muwafunse kuti ndi zaka zingati zimene akulolera kusainira. Akayamba kukuuzani kuti tinyumba tonse timadontha, afunseni chifukwa chimene mtengo wake sukusonyeza zimenezo. Akakana kuyeza, tengani makiyi a pikiapu yanu muzipita, ndipo muwauze chifukwa chake momveka bwino, kuti bwana wawo akamve kuti malonda a madola 50,000 athawa chifukwa cha denga.